Kope lopanda kanthu Lachisanu: kodi sabata ya mwana wa pulayimale kuchigwa cha Shire imayenda bwanji?

Pali funso lomwe silisowa pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, kaya ndi ku Ngabu, ku Bangula kapena tsidya lija la Shire kwa Makhuwira. Bambo wina amadzuka, chipewa chili m'manja, n'kuyamba mwaulemu: "A hedi, pepani ndifunse nawo. Mwanayu amabwera kuno Lolemba mpaka Lachisanu osajomba, koma ndikatsegula kope lake ndimapeza mizere itatu basi. Ndikamufunsa kuti mwaphunzira chiyani, akuti timaimba. Kodi sukulu ya masiku ano yasanduka kwaya?" Anthu amaseka, aphunzitsi nawo amaseka, koma bambo aja amakhala pansi asanakhutire.

Funsoli n'lomveka. Amene tinaphunzira kale tinazolowera kuyeza sukulu ndi kuchuluka kwa zolemba: kope likadzaza, ndiye kuti mwana waphunzira. Kaphunzitsidwe ka ku pulayimale kasintha kangapo kuchokera mu 1994, ndipo zosinthazo zimafika kwa aphunzitsi akaitanidwa ku TDC, likulu la zoni komwe aphunzitsi amakasulidwa, koma sizifika kwa kholo lomwe likugula kope ndi pensulo. Tiyeni timasule mawu angapo omwe amamanga sabata ya mwana, makamaka wa Sitandade 1 mpaka 4, tionenso momwe sabatayo imapindikira ikatsika phiri n'kufika ku Chikwawa ndi ku Nsanje.

Silabasi, sikimu ndi pulani

Zomwe mwana wa kwa Tengani aphunzire Lachiwiri likubwerali sizichokera m'mutu mwa mphunzitsi wake. Zimayambira ku Domasi m'boma la Zomba, ku bungwe la Malawi Institute of Education, lomwe limalemba silabasi, mabuku a ophunzira ndi mabuku a aphunzitsi. Silabasi imanena zomwe mwana wa kalasi yakutiyakuti ayenera kudziwa ndi kutha kuchita chaka chikamatha. Ndi imodzi dziko lonse: ya ku Marka ndi yomweyonso ya ku Chitipa.

Chaka cha sukulu chili ndi materemu atatu, iliyonse ya masabata pafupifupi 12 mpaka 14. Teremu isanayambe, mphunzitsi amakhala pansi ndi silabasi ija n'kuigawa sabata ndi sabata m'kope lalikulu. Ichi ndicho aphunzitsi amati sikimu. Mbali imodzi ya tsamba amalembapo zomwe akufuna kuphunzitsa, mbali inayo amadzalemba sabata ikatha zomwe waphunzitsadi ndi momwe ana achitira. Kuchokera mu sikimu ndi momwe amatapa pulani ya phunziro lililonse la mawa: ayamba bwanji, agwiritsa ntchito zipangizo ziti, ana achita chiyani, adziwa bwanji kuti amva. A hedi amayenera kuona n'kusainira, ndipo mlangizi wa sukulu za m'zoni, yemwe aliyense amangoti a PEA, akatsika pa njinga yamoto amayamba n'kuitanitsa makope amenewa.

Tiyerekeze ndi pakhomo. Silabasi ndi chimanga cha m'nkhokwe choti chifike chaka chonse. Sikimu ndi kuwerengera kwa mayi kuti ndowa zingati zipite kuchigayo sabata iliyonse. Pulani ndi ufa womwe watapidwa kuti ulowe mumphika wa lero. Pomwe fanizoli limathera ndi apa: banja likagona osaphika ufa umatsala n'kudzathandiza mawa, pomwe kusukulu tsiku likadumphidwa, ntchito yake imakaunjikana pa ya mawa ndipo mphika sukula. Mfundo imeneyi tiisunge, tidzaifuna madzi akafika.

Belu ndi piriyodi

Piriyodi ndi chidutswa cha nthawi choperekedwa ku phunziro limodzi. Ku Sitandade 1 ndi 2 ndi mphindi 30, kumakalasi akutsogolo ndi mphindi 35. Ndandanda wa mapiriyodi, womwe ambiri amangoti timetable, umamatidwa pakhoma, ndipo kalasi ikakhala pansi pa mtengo wa nimu umakhala m'kope la aphunzitsi. Sukulu zambiri zimayamba cha m'ma 7:30, ana atasesa kale pabwalo. Limu ya galimoto yopachikidwa pamtengo ikalira, onse pamzere: nyimbo ya fuko, pemphero, zolengeza, nthawi zina kuona zikhadabo ndi tsitsi. Ang'onoang'ono amaweruka msanga, akuluakulu amapitirira mpaka masana.

Kumakalasi oyambirira, gawo lalikulu la sabata limapita ku Chichewa, Chingerezi ndi masamu. Nyimbo, kujambula, kuumba, magule ndi masewera olimbitsa thupi, zomwe kale zinali maphunziro osiyana, zinaphatikizidwa kukhala phunziro limodzi la maluso. Palinso za Baibulo kapena za zipembedzo. Mwana akamakwera ndi pomwe za chilengedwe ndi chikhalidwe, ulimi ndi sayansi zimayamba kutenga malo.

Papepala mapiriyodi onse ndi ofanana. Kuchigwa kuno safanana. Mu Okutobala ndi Novembala, pakati pa teremu yoyamba, kutentha kumatha kudutsa madigiri 40, ndipo chipinda cha malata chodzaza ana chimakhala ngati uvuni pofika 11 koloko. N'chifukwa chake aphunzitsi odziwa amamenya kuwerenga ndi masamu kukadali mthunzi, ndipo dzuwa likakwera amatulutsa ana panja. Phala nalo lili ndi gawo lake pa nthawi. Sukulu zomwe zimalandira chakudya kuchokera ku WFP, bungwe la United Nations loona za chakudya, kapena ku Mary's Meals, bungwe lomwe linayamba ntchito yake m'Malawi muno mu 2002, zimaona ana akubwera ndi makapu m'manja mwezi womwe pakhomo palibe kanthu. Koma mzere wa ana mazanamazana pa mphika sutha mphindi zisanu, ndipo amayi ophika akachedwa ndi nkhuni, piriyodi ina imalowa m'kapu.

Anikumeto, ndi chifukwa chomwe amaimbira

Apa ndi pomwe pagona yankho la bambo a chipewa aja.

Amene anaphunzira nthawi ya Kamuzu amakumbukira buku la Sosa, ndi kuloweza a e i o u, kenako ba be bi bo bu. M'zaka zotsatira kaphunzitsidwe kanasinthasintha, ndipo panali nthawi yomwe ana ankayambira pa mawu athunthu ndi ziganizo. Cha m'ma 2010, ana atayesedwa mmodzimmodzi m'sukulu zosankhidwa dziko lonse, zinapezeka kuti ambiri a Sitandade 2 sankatha kuwerenga ngakhale mawu amodzi a m'kankhani ka Chichewa. Zimenezi ndi zomwe zinabala ndondomeko ya kuwerenga ya dziko lonse, National Reading Programme, yomwe unduna unayambitsa mu 2016 ndi thandizo la bungwe la boma la America la USAID, kuyambira Sitandade 1 n'kumakwera mpaka Sitandade 4.

Mtima wa ndondomekoyi ndi liwu. Mwana asanadziwe dzina la lembo amaphunzira kamvekedwe kake: kuti m amalira mmm milomo itatsekeka, ndipo akakumana ndi a zimapanga ma. Malembo saphunzitsidwa motsata a, b, c, d, pakuti ukatero umafika msanga pa c yemwe m'Chichewa sayenda wopanda h. Amayamba ndi malembo omwe amapezeka kwambiri m'mawu athu: a, n, i, k, u, m, e, t, o. Mukamva aphunzitsi akuti anikumeto, si mankhwala kapena dzina la pulojekiti, ndi mndandanda umenewu. Phindu lake limaoneka msanga. Ndi a ndi n basi, mwana wawerenga kale "ana". Akaonjezera i ndi k, akutha "ina", "ika", "kana", "ikani". Sabata zochepa chabe, wayamba kuwerenga mawu enieni omwe amawamva pakhomo.

Phunziro lililonse limayenda masitepe atatu. Mphunzitsi amachita yekha ana akuona, kenako amachitira limodzi, pomaliza ana amachita okha. Msodzi wa kudambo la Elephant Marsh sangadabwe nazo: mwana amayamba wakhala m'bwato kuonerera, kenako amagwira nkhafi pamodzi ndi bambo ake, ndipo tsiku lina amamusiya apalase yekha pamadzi osaya.

Nanga nyimbo? Zambiri mwa ntchito za masabata oyambirira ndi za khutu ndi pakamwa. Ana amawomba m'manja kuwerenga maphatikizo a m'mawu akuti "nyemba", amakweza chala akamva liwu lomwe auzidwa kuti alisake, amaimba kanyimbo kokumbutsa lembo la tsikulo. Kulemba kumayambira m'malere ndi chala, kenako pamchenga, kenako pamsana pa mnzake, pomaliza m'kope. Mwana akhoza kulemba k kamakumi awiri tsiku limenelo, kope n'kulandirako katatu kokha. Mchenga wa pabwalo ndiwo unalandira zinazo, ndipo mphepo inafufuta.

Sikuti aliyense amayamikira. Mabuku a aphunzitsi a ndondomekoyi amalongosola phunziro sitepe ndi sitepe, pafupifupi mawu ndi mawu. Ena amati izi zimathandiza mphunzitsi watsopano kapena wotopa kuti asasochere, ndipo mwana wosamuka ku Nchalo kupita ku Nsanje amakapeza anzake ali pa tsamba lomwelo. Ena amati zimamanga manja mphunzitsi waluso, komanso buku limathamanga osadikira mwana yemwe anadwala malungo sabata ya lembo u. Palinso vuto lomwe mbali zonse zimavomereza: ana ochuluka akamayankhira pamodzi, mawu amamveka bwino ngakhale theka la iwo likungotsatira mlomo wa mnzawo. Kholo lofuna kudziwa zoona lisawerenge mizere ya m'kope. Litenge pepala la shuga kapena la sopo, kapena lilembe maphatikizo pansi mosatsata ndondomeko, liloze limodzi n'kufunsa kuti, "Apa palembedwa chiyani, mwanawe?" Woloweza amakakamira, wowerenga amayesa kutchula.

Magulu, timitengo ndi zitsekerero

Mu 2007 boma linayamba kugwiritsa ntchito silabasi yatsopano yodziwika ndi chidule chakuti PCAR. Ganizo lake lalikulu linali loti phunziro liyezedwe ndi zomwe mwana akutha kuchita likatha, osati ndi zomwe mphunzitsi wayankhula. Apa ndi pomwe panachokera zoika ana m'magulu, kukambirana awiriawiri, kuchita timasewero, ndi kutuma mmodzi kuti akafotokozere kalasi zomwe gulu lake lapeza. Aphunzitsi amaphunzitsidwanso zomwe amati TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalopo. Mwana akabwera kunyumba n'kunena kuti aphunzitsi akufuna zitsekerero za mabotolo, timitengo tomanga khumikhumi kapena nthanga za bwemba, sikuti sukulu yasauka nzeru. Mtolo umodzi wa timitengo khumi ndi timitengo titatu tapadera ndi 13 yemwe mwana angamugwire m'manja, ndipo kubwereka kwa pa masamu ochotsera kumamveka akamasula mtolo uja.

Vuto ndi chiwerengero. Boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana olembetsa analumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Aphunzitsi masauzande analembedwa ntchito asanapite ku koleji n'kumaphunzitsidwa ali kale m'kalasi, ndipo zipinda sizinakwane kuyambira pamenepo. Cholinga cha unduna ndi choti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma ku Sitandade 1 ndi 2 si zachilendo kupeza oposa 100. Tiwerengere limodzi: piriyodi ya mphindi 30 ili ndi masekondi 1,800. Ana akakhala 120, aliyense gawo lake ndi masekondi 15, mphunzitsi asanalembe pabolodi, asanaitane mayina, asanaletse ndewu ya pensulo. Pamenepa magulu amasanduka njira yopulumukira. Mwana amene wamva amaphunzitsa anzake asanu, monga momwe pa dima odziwa kupalira amakokera ofooka. Kuipa kwake n'kwakuti m'gulu la ana 15 ozungulira buku limodzi, atatu amaliona mozondoka ndipo ena saliona n'komwe.

Takhuta

Ku Nsanje ndi mbali zina za Chikwawa ana ambiri amabadwira m'Chisena. Ena ndi a Chimang'anja, chomwe chili pafupi kwambiri ndi Chichewa cha m'mabuku. Kwa mwana wa Chisena, tsiku loyamba la sukulu ndi tsikunso loyamba kuphunzira m'chiyankhulo chomwe si cha amayi ake.

Mbiri yake ndi yokhotakhota. Mu 1968 Chichewa chinakhazikitsidwa kukhala chiyankhulo cha dziko pamodzi ndi Chingerezi, ndipo chinakhala chophunzitsira makalasi oyambirira paliponse. Mu 1996 unduna unalola kuti Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzitsidwa m'chiyankhulo cha kuderalo, koma mabuku anapitirira kusindikizidwa m'Chichewa, ndiye chilolezocho chinathera pakamwa pa mphunzitsi. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, ndipo mu 2014 unduna unalengeza kuti ziyambira Sitandade 1. Zomwe zimachitikadi m'sukulu zambiri za boma ndi zakuti makalasi oyambirira amayendera Chichewa, Chingerezi chili phunziro palokha, ndipo pofika Sitandade 5 mabuku a maphunziro onse kupatula Chichewa amakhala m'Chingerezi.

Ziyankhulo ziwirizi ndi zapachibale, ndipo chibalecho ndi chomwe chimapusitsa. Mwana wa Chisena akalandira choko n'kunena kuti "takhuta", akuthokoza, sakunena za m'mimba. "Kulonga" kwa iye ndi kuyankhula, pomwe m'buku ndi kuika katundu m'thumba. Zomwe buku likuti "zinthu" iye amati "pinthu", ndipo kukana kwake ndi "nkhabe". Mphunzitsi wochokera ku Dedza yemwe wangotumizidwa kumene amatha mwezi akuganiza kuti ana ndi amwano kapena ogona, pomwe iwo akungomasulira m'mutu. Kumbukirani kuti njira ya anikumeto imadalira kuti mwana akatchula "i-ka-ni" azindikire mawu omwe amawadziwa kale. Akatchula molondola mawu omwe kwawo sawagwiritsa ntchito, wawerenga koma sanamve.

Tinganene kuti mwana wa ku Lilongwe amawoloka mtsinje umodzi, wa pa Sitandade 5, pomwe wa ku Nsanje amawoloka iwiri. Komabe nkhaniyi ili ndi mbali zingapo. Akatswiri ambiri a maphunziro amati mwana amaphunzira kuwerenga msanga m'chiyankhulo cha pakhomo. Makolo ambiri, a Chisena omwe, amafuna Chingerezi msanga chifukwa ndicho chili pa mayeso ndi pa ntchito. Ndipo pa sukulu ya pa Nchalo, pomwe ntchito ya nzimbe inasonkhanitsa Asena, Amang'anja, Alomwe ndi ena ochokera kumtunda, funso loti chiyankhulo cha pakhomo ndi chiti lilibe yankho limodzi.

Kuyesa kwa Lachisanu

PCAR inabweretsanso kuyesa kopitirira. Kale mwana ankayesedwa kumapeto kwa teremu, mayina n'kuitanidwa pabwalo kuyambira nambala wani mpaka wotsiriza. Tsopano mphunzitsi amayenera kumayesa pang'onopang'ono chaka chonse: kuwerengetsa mwana mizere iwiri, kumupatsa masamu asanu, kuona chomwe waumba, n'kulemba m'kaundula. Kawirikawiri izi zimagwa kumapeto kwa sabata kapena kwa mutu, pamodzi ndi kubwereza zomwe zavuta. Pa lipoti pamatha kuoneka manambala a 4, 3, 2 ndi 1, pomwe 4 ndi wakhoza kwambiri ndipo 1 ndi wofunika thandizo. Agogo ambiri asangalalapo ndi 1 poganiza kuti mdzukulu watsogola kalasi.

Amayi amaidziwa kale nzeru imeneyi, chifukwa ndi ya kusikelo. Mwana sayezedwa kamodzi atakwanitsa zaka zisanu. Amapita mwezi ndi mwezi, ndipo mzere wa pakhadi ukayamba kutsika, alangizi a zaumoyo amachitapo kanthu nthawi isanathe. Kusiyana kwake n'kwakuti kusikelo mwana wotsika amalandira chiponde, pomwe m'kalasi ya ana 120 mphunzitsi akhoza kudziwa bwinobwino ana 30 omwe atsalira, nthawi yowathandiza n'kusowa.

Kumapeto kwa msewu kuli mayeso a Sitandade 8 a bungwe loona za mayeso la MANEB, omwe nthawi zambiri amalembedwa cha mu Meyi, ndipo ndi omwe amasankha wopita ku sekondale ya dziko lonse, ya m'boma kapena yoyendera ya m'dera. Mayeso amenewa ndi a pepala ndi cholembera, ndipo kupatula Chichewa amafunsidwa m'Chingerezi. N'chifukwa chake sabata ya Sitandade 7 ndi 8 imafanana kwambiri ndi sukulu yomwe makolo amaikumbukira: manotsi odzaza bolodi, mapepala a zaka zam'mbuyo, kulawirira m'mamawa. Sukulu imodzi yomweyo imakhala ndi nzeru ziwiri, ya nyimbo kumunsi ndi ya manotsi kumtunda.

Masabata omwe madzi amadya

Teremu yachiwiri imayamba mu Januwale, mvula ili pakati. Chigwa chino chimalandira madzi omwe sanagwe kuno: a ku Mulanje ndi ku Thyolo amatsika ndi Ruo, ena amabwera ndi Mwanza, onse n'kuthira mu Shire. Mu Januwale 2015 madzi anamiza dera la Makhanga ndi midzi yambiri ya tsidya la kum'mawa. Mu Malichi 2019 kunabwera mvula ya namondwe wa Idai. Mu 2022 anabwera awiri motsatana, Ana mu Januwale ndi Gombe mu Malichi. Mu Malichi 2023 Freddy anachititsa boma kutseka sukulu m'maboma a chigawo cha kummwera kwa masabata angapo. Zaka zonsezi ngozi inagwa pakati pa Januwale ndi Malichi.

Sukulu imavulala pawiri. Ikakhala kunsi, madzi amalowa n'kunyowetsa mabuku, sikimu ndi kaundula wa malikisi. Ikakhala pamtunda, ndiyo imasanduka kampu, chifukwa m'midzi yambiri nyumba yolimba ya malata yotha kusunga mabanja ambiri ndi sukulu kapena tchalitchi. Palibe a hedi angatsekere chitseko mayi wobereka mwana kumsana madzi ali m'chiuno. Koma anthu akalowa satuluka mawa lake, ndipo maphunziro amasamukira pansi pa mtengo kapena m'tenti, kapena amaima.

Tibwerere ku nkhokwe ija. Teremu ya masabata 13 ikataya atatu, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi lapita, koma silabasi ya ku Domasi siichepa ndipo MANEB imafunsa mwana wa ku Chiromo mafunso omwewo a mwana wa ku Mzuzu. Mphunzitsi amatsala ndi njira zitatu, zonse zowawa. Akhoza kuthamanga kuti sikimu ioneke yatha, ana ambiri n'kutsalira m'njira. Akhoza kudumpha mitu ina, dzenje lake n'kudzaonekera kalasi yotsatira. Kapena akhoza kuyenda ndi ana pang'onopang'ono, chaka n'kutha buku lili pakati. Ena amaitana ana masana kapena Loweruka, koma zimenezo zimadalira mtima wa mphunzitsi ndi mimba ya mwana. Ku Sitandade 1 kuwawa kwake n'kwapadera, poti malembo amamangana ngati njerwa: amene anaphonya sabata ya m ndi e amapunthwa pa mawu aliwonse okhala ndi malembo amenewo mpaka wina atabwerera naye.

Ndipo si madzi okha. Pali timabowo tina tomwe sitimveka pa wailesi: malungo, maliro a m'mudzi, tsiku la msika, kamtsinje kodzaza m'mawa n'kuphwa masana, ganyu ya m'madimba madzi akaphwera, kutola thonje m'teremu yachitatu, njala ya mu Febuluwale yomwe imatumiza mabanja kukazula nyika m'madambo. Mwana wojomba tsiku limodzi sabata iliyonse wataya gawo limodzi mwa magawo asanu a chaka, kuposa zomwe namondwe amalanda zaka zambiri. Apa ndi pomwe makomiti a sukulu ndi magulu a amayi, omwe amayenda khomo ndi khomo kufunsa kuti "Amake mwana, mtsikana uja sitikumuona bwanji?", amagwira ntchito yomwe silembedwa mu sikimu.

Matabuleti

Chatsopano pa sabata ya ana ena ndi tabuleti. Kuyambira mu 2023 boma likufalitsa ndondomeko ya BEFIT, momwe ana a Sitandade 1 mpaka 4 amasinthana kugwiritsa ntchito matabuleti otchajidwa ndi sola, aliyense ndi zomvera m'makutu, kuphunzira kuwerenga ndi masamu pa liwiro lake. Sukulu zikulandira m'magawomagawo, ndiye ina ili nawo, yoyandikana nayo ikudikira. Tabuleti imachita chomwe mphunzitsi wa ana 120 sangathe, kuyankha mwana aliyense payekha. Koma nayo imafuna malo pa timetable, chipinda chokhoma, ndi pouma.

Zomwe zikadali pa mkangano

Funso loyamba ndi la kalendala. Ngati madzi amabwera m'teremu yachiwiri ndipo kutentha kumafika pachimake m'teremu yoyamba, kodi maboma a kuchigwa apatsidwe ufulu wosuntha masabata awo kapena maola oyambira? Ovomereza amati n'kupulumutsa nthawi yomwe ikutayika kale. Okana amafunsa kuti mayeso a dziko lonse adzalembedwa liti, ndipo mwana wosamukira ku Blantyre pakati pa chaka adzalowa pati.

Lachiwiri ndi la makampu. Aliyense amavomereza kuti malo othawirako apadera angamasule sukulu, koma ndani amange, pamtunda uti, ndipo chaka chomwe madzi sanabwere nyumbazo zizigwira ntchito yanji?

Pa chiyankhulo, kusindikiza mabuku a Sitandade 1 m'Chisena n'kotheka, koma kukufuna kugwirizana kalembedwe, kuphunzitsa aphunzitsi, ndi kuyankha a Chiyao, Chitumbuka ndi Chilomwe omwe adzafunse zomwezo. Sizikudziwikanso ngati makolo angalandire, kapena angaone ngati ana awo akupatulidwa.

Pali nkhani ya kubwereza kalasi, yomwe ndi yofala kwambiri kumakalasi oyambirira. Mwana wosatha kuwerenga akabwereza Sitandade 1, kalasi ya chaka chamawa imakula ndipo iye amakalamba pa benchi. Akakwezedwa, amakakumana ndi buku lomwe sangalitsegule. Kuyesa kopitirira kunayenera kuchepetsa vutoli pothandiza mwana chaka chisanathe, koma thandizolo lilibe piriyodi yokwanira.

Pomaliza pali ndalama. Ndondomeko ya kuwerenga inakula ndi thandizo la dziko la America, ndipo mu 2025 boma la kumeneko linaimitsa ntchito zambiri za USAID. Buku la Sitandade 1 logwiridwa ndi manja asanu tsiku lililonse silikhalitsa, ndipo la ku Makhanga likhoza kutha usiku umodzi. Ndani asindikize ena, kangati, ndipo kodi sukulu yomwe mabuku ake apita ndi madzi mu Febuluwale izidikira mpaka chaka cha sukulu chotsatira kuti ilandire atsopano?